Ma air bag kumbuyo kwa Datsun 1500 yanga, kit yake komanso garaja imene inamanga

Amene muli ndi mavaneti akale ndipo mukuganiza zoika ma air bag kumbuyo, aja a labala opopa mpweya othandizira masipuling'i, ndati ndilembe mmene zayendera pa Datsun 1500 yanga, chifukwa ambiri mukaiona itasenza koma ili chilili bwinobwino mumandifunsa kuti munagula kuti nanga zingati. Ine mmene ndaonera nkhani yaikulu ili pa malo omangira mabagiwo. Bagi yomweyo, mtengo womwewo, ukaimanga pena motoka imakhala bwino, ukaisuntha masentimita ochepa chabe motoka imayamba kupendama pa kona kapena bagi imaphulika chaka chisanathe. Ndikambe za kit imene ndinagula komanso garaja imene inagwira nchito, zabwino ndi zoipa zomwe.

Motoka yake ndi 620, ija Nissan anapanga kuyambira 1972 mpaka 1979, yanga ndi ya 1977 ya injini ya J15. Kutsogolo ili ndi ma torsion bar, kumbuyo ma leaf spring, masipuling'i aja a ma blade osanjikizana, ndipo ekiselo imakhala pamwamba pa masipuling'i osati pansi, ichi muchigwire chifukwa ndi chimene chimapangitsa malo kukhala ochepa. Nchito yake ndi kutenga tomato, kabichi, nthawi zina chimanga kuchoka ku Chongwe kubwera nazo ku msika wa Soweto mu Lusaka, pobwerera feteleza kapena sementi. Masipuling'i a zaka zoposa 40 anali atagona, ukaika matumba 10 a 50kg kumbuyo kumakhala pansi, kutsogolo kumadzuka, chiwongolero chimapepuka moti pa Great East Road umamva kuti matayala akutsogolo sakugwira tala bwino, usiku malaiti amaloza mmaso mwa anzako obwera kutsogolo mpaka amakuwalitsira mokwiya. Pa hampu iliyonse ekiselo kumenya bump stop, kalabala kaja koletsa ekiselo kugunda chasisi, gu. Kuwonjezera ma blade ambiri ndimadziwa kuti kumathandiza koma motoka ikakhala yopanda katundu imauma maningi, msana umamva mwala uliwonse, nchifukwa chake ndinasankha mpweya, umapopa ukasenza, umaphwetsa ukatsitsa.

Kit ndinaitanitsa kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa anthu aja obweretsa katundu pa basi. Ilibe dzina lodziwika, ndi ija amati universal, mabagi awiri a mimba ziwiri amene amawatcha 2500, nambalayo ndi mapaundi amene amati bagi imodzi inganyamule ikapopedwa kwambiri, kuposa pang'ono makilo 1,100. Munalinso paipi ya nayiloni ya kota inchi, mafiting'i aja ongokankha paipi nkugwira, mavalavu awiri onga a tayala, ka T kamodzi kolumikizira mapaipi, ndi mabulaketi anayi. Mabagi enieniwo ndilibe nawo mlandu, labala yake ndi yokhuthala, mapuleti akumapeto ndi olimba, mpaka lero palibe mng'alu. Koma mabulaketi aaa ayi. Chitsulo chake chopyapyala, ukachimanga pa vaisi nkukoka ndi sipanala yaikulu chimapindika, mabowo ake sagwirizana ndi vaneti iliyonse imene ndikuidziwa, ndipo kapepala ka malangizo kanali ndi chithunzi chimodzi cha motoka ya ku America imene chasisi yake ndi yotakata kuposa Datsun. Kapepalako sikanena olo pang'ono kuti bagi iyenera kukhala yotalika bwanji motoka ikaima, chimene ndi chinthu choyamba makaniko amafuna kudziwa. Mafiting'i awiri mwa anayi anali otayitsa mpweya kuchokera mu paketi. Ndiye mukagula kit yotere mudziwe kuti mwagula mabagi awiri ndi paipi, zinazo mukapangitsa.

Ndisanasankhe garaja ndinazungulira. Malo ena ku Garden mnyamata wowelda anangosuzumira pansi nkunena kuti bosi apa mpophweka, malo alipo pafupi ndi difu, tiwelda mabulaketi pa chasisi, pofika 16 hours mwatenga. Zoona malo alipo pafupi ndi difu, ndipo ambiri amamanga pamenepo chifukwa palibe chosokoneza, ekizozi ili kutali, shoko ili kutali, dzanja limalowa bwino. Koma ndinali nditakwerapo kale Hilux yakale ya mlamu wanga imene anaimanga choncho ku garaja ina, mabagi awiri atayandikana pakati, kuphatikiza apo anawalumikiza ndi T kuti azipopa valavu imodzi. Ikasenza imadzuka bwino ndithu, ukaiona itaima ungaikonde, koma pa roundabout ya Kabwe ija bodi yonse imagwera mbali imodzi mpaka umagwira dashibodi. Zili ngati munthu wosenza ndowa yodzaza ataphatikiza miyendo, mphamvu ali nazo koma kukankhidwa pang'ono wagwa. Katundu amene kale ankanyamulidwa ndi masipuling'i kumbali, manje wambiri akunyamulidwa pakati, ndiye choletsa bodi kupendama chachepa. T ija imaonjezera vuto, pa kona bagi yakunja ikapanikizika mpweya umathawira ku bagi yamkati, yamkatiyo nkumakankhira bodi mbali yomwe ikugwera kale. Palinso china chimene anthu saona, tayala likukankha kuchokera pansi kumapeto kwa ekiselo, bagi ikukankha kuchokera pamwamba pafupi ndi pakati, mpata wa pakati pa ziwirizi ukakula paipi ya ekiselo imalandira mphamvu yopinda yambiri, pa kavaneti kakang'ono ngati 620 ukasenza mopitirira nkumenya dzenje ekiselo ikhoza kupindika, kenako uzidabwa mabering'i ndi masilu akutha msanga.

Garaja imene ndinakhazikika ili mu light industrial kuseri kwa Lumumba Road, ya mdala wina amene moyo wake wonse wakhala pa masipuling'i a ma Canter ndi mathiraki, ali ndi anyamata awiri. Chimene chinandikopa nchakuti tsiku loyamba sanakambe za mtengo, anandifunsa kuti kodi mumanyamula chiyani, cholemera bwanji, mumachiika pati mu bodi, msewu wake ndi uti. Kenako anati mwana wanga bwerani nayo itasenza mmene mumasenzera, ndione. Ndinabwera nayo ndi matumba a chimanga, anayeza ndi tepi kuchokera pa ekiselo kufika pa chasisi mbali zonse ziwiri, titatsitsa matumba anayezanso, manambala akulemba ndi choko pa geti. Anapeza kuti mbali ya dalaivala inagona kuposa inayo, mabushi a ma shackle atha, ndipo blade imodzi inali ndi mng'alu pafupi ndi senta bawuti. Anakana kumanga mabagi zimenezi zisanakonzedwe. Ndinati amdala ndalama ikhala yambiri, iwo anati bagi imathandiza sipuling'i yamoyo, ekiselo imagwiridwa ndi sipuling'i kuti isapite kutsogolo, kumbuyo kapena kumbali, bagi ndi labala chabe siigwira kanthu. Anachotsa masipuling'i, anawakunga kubwezera uta wake, blade yosweka anasintha, mabushi atsopano, ma U-bolt atsopano. Motoka inadzuka yokha mabagi asanalowe nkomwe, ndipo kutalika kumeneko ndi kumene anayamba kuyezera china chilichonse.

Apa ndikambe kwa anyamata amene mumaonera mavidiyo a Chevrolet C10 pa YouTube nkumafuna zomwezo pa Datsun kapena Hilux. C10 ya 1960 mpaka 1972 kumbuyo inabwera ndi mikono iwiri yaitali yogwira ekiselo, ma coil spring atakhala pa mikonoyo, komanso panhard bar yoletsa ekiselo kuyenda chammbali. Ndiye kumeneko umangochotsa coil nkuika bagi pamalo pomwepo, zonse zogwira ekiselo zilipo kale. Kuyambira 1973 C10 nayo inapita ku ma leaf spring. Pa mavaneti athuwa ukafuna kuchotseratu masipuling'i kuti motoka izigona pansi, uyenera kupanga 4-link, ija ya mikono inayi yogwira ekiselo, komanso panhard bar, kudula chasisi pamwamba pa ekiselo nkuika notch, imeneyo ndi nchito ina ndipo si ya motoka yonyamula tomato pa msewu wa kumunda. Zanga ndi zothandizira chabe, masipuling'i onse alipo.

Manje nkhani ya pomangira. Amdala anayesa malo onse mmaso mwanga ndipo apa mpamene ndinaona kuti ndalama yanga ikupita kwa munthu wodziwa. Malo abwino kuposa onse ndi pakati pa chasisi ndi ekiselo penipeni, pomwe pali bump stop, chifukwa mphamvu imakwera molunjika kulowa mu chasisi popanda kupotoza kanthu. Koma pa 620 chifukwa ekiselo ili pamwamba pa sipuling'i mpata wake ndi wochepa, bagi ya 2500 olo uiphwetse yonse imakhalabe pafupifupi masentimita 7 kapena 8, ndipo kuti igwire bwino nchito imafuna kuima cha mma 13 mpaka 15. Kuikakamiza pamenepo ndiye kuti ekiselo ilibenso poyendera, pa hampu bagi ndi imene izimenyedwa mmalo mwa bump stop, ndipo ikamamenyedwa ili yophwa labala imadzitsina yokha mkati nkubooka. Kunja kwa chasisi, mbali ya tayala, ndi kwabwino kwambiri pa nkhani ya kupendama chifukwa mabagi atalikirana, mavaneti akuluakulu ambiri amamanga kumeneko, koma pa yanga bagi ikafufuma inali kutsala pang'ono kukhudza tayala, ndiye tayala likatola matope a ku Kanyama nthawi ya mvula matopewo azipala bagi. Anakana.

Mnyamata wawo mmodzi anati nanga tikaika pamwamba pa sipuling'i kutsogolo kwa ekiselo, paja pali mpata. Amdala anamuyankha mwa kumuphunzitsa, ine ndikumvera. Bagi ikakhala pamwamba pa ekiselo penipeni, tayala likakwera masentimita 10 bagi imafinyika masentimita 10, kilo imodzi ya katundu ndi kilo imodzi pa bagi. Ukaisunthira kutsogolo pa mkono, tinene pakati penipeni pa pomangira mkono ndi ekiselo, tayala likakwera 10 bagi imafinyika 5 chabe, koma kuti inyamule katundu yemweyo iyenera kukankha kawiri, kutanthauza mpweya wochuluka kawiri. Anthu a motoka za show amakonda zimenezo chifukwa motoka imakwera ndi kutsika kwambiri komanso imafewa, koma iwo amamanga pa mkono wachitsulo wolimba wopangidwira zimenezo. Leaf spring si mkono wolimba, inapangidwa kuti izipindika yonse kuchokera ku diso lina kufika ku linzake, ukaikankha pa malo amodzi pakati pa njira ndiye wapanga pothyokera, main blade idzaduka pomwepo. Kumanga kumbuyo kwa ekiselo pa bulaketi yotulukira nakonso kuli ndi vuto lake, bagi ikamakankha imafuna kuzungulitsa ekiselo, mphuno ya difu imasintha kuloza, propshaft imayamba kunjenjemera ndipo ma universal joint amatha msanga. Pa 4-link mikono imaletsa kuzungulirako, pa ma leaf spring ndi sipuling'i imene imavutika nako.

Ndiye chimene anachita ndi ichi. Mabagi anawaika mkati mwa chasisi koma mokankhira kunja mpaka pomalizira, kungosiya mpata wa chala ndi theka pakati pa labala itafufuma ndi chasisi. Makampani ngati Firestone ndi Air Lift amanena kuti pozungulira bagi pazikhala mpata wosachepera theka la inchi, iwo anasiya woposerapo chifukwa pa msewu wafumbi ekiselo imagwedezeka chammbali kuposa pa tala. Pakati pa bagi anapalunjikitsa ndi pakati pa paipi ya ekiselo, osati kutsogolo osati kumbuyo, anachita kugwetsa chingwe chomangirira nati kuti aone. Puleti yapansi anaipanga ndi chitsulo cha mamilimita 6 yokhala ndi chishalo chokumbatira ekiselo, yomanga ndi ma U-bolt ake, sanawelde pa ekiselo chifukwa moto umatha kukhotetsa paipi. Pamwamba anapanga crossmember yatsopano ya chitsulo cha bokosi yodutsa kuchokera ku mbali ina ya chasisi kufika ku inzake, yokwezeka kufupi ndi pansi pa bodi kuti bagi ipeze kutalika kwake, pakati anaikhotetsa kuti difu ikakwera isagunde. Crossmember imeneyo anaimanga ndi mabawuti olimba a giredi 8.8 kudutsa mmbali mwa chasisi, osaboola pamwamba kapena pansi pake pomwe chasisi imanyamulira mphamvu, ndipo pomwe chasisi ndi ya bokosi analowetsa timapaipi mkati kuti bawuti ikamangidwa isaphwanye bokosilo. Pa chasisi ya 1977 imene ili ndi dzimbiri lake kale, kuwelda bulaketi molunjika ndi kuitana mng'alu pambali pa weld, zimenezi ndaziona pa mavaneti ambiri pa Buseko onyamula matabwa.

Chimene chinanditengera mtima kwambiri ndi kamtengo. Asanaboole bowo lililonse anadula timatabwa tiwiri kutalika kwa masentimita 14, nkutiika pomwe pakhale mabagi motoka itaima pa matayala ake pamalo a level, mapuleti apamwamba ndi apansi anawagwiriza pa timatabwato kuti akhale ogona mofanana, wina asapendame. Chifukwa bagi ikamangidwa mapuleti atapendama kapena atasemphana, mimba yake imatulukira mbali imodzi ndipo mbali imeneyo ndi imene imatha. Atagwiriza ndi timadontho ta weld anaika mabagi enieni nkuyamba kuyesa. Anakweza chasisi ndi jeke mpaka matayala kulendewera, kuona ngati shoko ikufika pamapeto bagi isanakokedwe, chifukwa bagi ikamanyamula kulemera kwa ekiselo yolendewera labala imazuka pa puleti. Mbali imodzi inali pafupi kwambiri ndiye anaika malamba oletsa ekiselo kutsika mopitirira. Kenako anatsitsa, mabagi opanda mpweya, tinakweza matumba ndi anyamata kukwera pamwamba mpaka ekiselo inakhala pa bump stop, iwo ali pansi ndi tochi kuona kuti bagi yatsala ndi mpata, sinaphwanyike yonse. Bump stop ya Datsun anaisiya pamalo pake, anangosintha labala yatsopano. Anakwezanso tayala limodzi lokha, kenako linalo, kuona ngati pali chokhudza ekiselo ikapendama. Apa mpamene paipi ya mabuleki yodutsa pa ekiselo inapezeka kuti ili pafupi ndi chishalo, anaisuntha nkuimanga ndi kakilampu, chingwe cha handibuleki chimodzimodzi.

Ekizozi inali vuto lina. Imadutsa pamwamba pa ekiselo pafupi ndi pomwe bagi imodzi inakhala, ndipo moto ndi labala sizigwirizana, komanso paipi ya nayiloni ikatentha imafewa nkutuluka mu fiting'i. Anadula kachigawo nkukakhotetsa kutali, nkuika kachidutswa ka lata kotchinga moto pakati, kosakhudza ekizozi kuti mphepo izidutsa. Ichi sichinali mu mtengo umene tinagwirizana poyamba, ndinaonjezera, koma ndinaona ndekha kuti nchofunika. T ija anandibwezera mmanja, bagi iliyonse ili ndi paipi yake ndi valavu yake, zonse ziwiri pambali pa nambala puleti. Ubwino wake winanso ndi woti katundu akalemera mbali imodzi umapopa mbali imeneyo kuposa inayo motoka nkuima mowongoka.

Zoipa za garajayi zilipo ndipo sindibisa. Ndi ochedwa. Anandiuza sabata imodzi, zinapitirira kwambiri, china ndi malaiti, load shedding ikafika makina owelda amazima ndipo jenseti yawo siyikoka, koma china ndi choti Canter ya kasitomala wakale ikalowa yako amaisiya kaye pa majeke. Kwa ine vaneti ikaima ndiye kuti ndikulipira hayala ya munthu wina kuti tomato asaole kumunda, zinandipweteka. Foni sayankha kawirikawiri, uyenera kupita wekha. Mtengo salemba, zonse ndi zapakamwa, ndiye zowonjezera zikabwera umangodalira chikumbumtima chawo, kwa ine sanandibere koma kalisiti kolemba zimene zachitika kakanathandiza. Crossmember ndi mabulaketi anandipatsa opanda penti, chitsulo chosapaka mvula yoyamba chinayamba kufiira, ndinachita kukwawira pansi ndekha ndi red oxide. Pa nchito yabwino chonchi kusiya penti ndi kudzichotsera ulemu. Komanso mnyamata amene anamanga mapaipi anadula ndi pulayazi, kumapeto kwa paipi kunaphwatalala, mmawa mwake bagi yakumanzere inali itaphwa. Nditabwerera amdala anathira madzi a sopo pa mafiting'i onse, thovu linatuluka, anadulanso paipi ndi lezala mowongoka, mafiting'i awiri oipa aja a mu kit anasintha ndi a mabuleki a mpweya a thiraki, sanandilipiritse ndipo mnyamatayo anamuonetsa kadulidwe pamaso panga mosamunyoza. Kuchokera pamenepo mpweya umatsika pang'ono chabe pa masabata, zomwe ndi zachibadwa.

Kayendedwe kake manje. Yopanda katundu ndimasiya 5 mpaka 10 psi, osaphwetsa mpaka ziro, makampani a mabagi othandizira amanena kuti osachepera 5 psi kuti labala isapindike nkudzitsina, ndipo osapitirira 100. Ndikambe zoona, yopanda katundu motoka yauma pang'ono kuposa kale, bagi ya mimba ziwiri ikakhala pamwamba pa ekiselo penipeni pa vaneti yopepuka chonchi umaimva pa timahampu ta mu komboni. Amene mukufuna kufewa kuposa kusenza muyang'ane mabagi aja aatali onga mkono wa malaya, a sleeve, ndi ofewa komanso ndi ochepa mmimba moti amalowa malo opanikiza, ine ndinasankha kusenza ndiye ndalandira. Ikasenza matumba 10 kapena 12 ndimapopa cha mma 35 mpaka 45 psi, sindiyang'ana geji yokha, ndimayeza ndi tepi kuchokera pansi kufika pa mlomo wa mudguard mpaka ifike pafupi ndi mmene imakhalira yopanda kanthu, kusiya kuti itsike pang'ono kuti masipuling'i nawo anyamuleko gawo lawo. Ukapopa mpaka kumbuyo kukwere kuposa pamenepo ndiye kuti katundu yense wamuika pa mabagi ndi crossmember, masipuling'i akungoyenda nawo. Kapampu ka 12 volts ka matayala kamakwanira, bagi ndi yaing'ono imadzaza msanga, olo pampu ya njinga imagwira. Mwezi wa October geji imawerenga mokwera masana kuposa mmawa, June kukazizira imatsika, musathamangire kuganiza kuti yabooka.

Kusintha kwake ndi kwakukulu. Chiwongolero chabwerera kulemera kwake, malaiti akuloza msewu, mahampu a pa Chongwe ndimadutsa popanda kumenya. Ndinapita nayo kumudzi ku Katete itasenza, makona a ku Manenekela usanafike pa Luangwa Bridge ndi amene ndinkawaopa, inapendama pang'ono ngati vaneti iliyonse yosenza koma osati zija za Hilux ya mlamu wanga, ikalowa kona imakhazikika nkukhala pomwepo mpaka kutuluka. Nditabwerako ndinapita kuti amangenso ma U-bolt onse chifukwa atsopano amamasuka pang'ono akayenda, anayang'ananso labala ngati pali pokhudzidwa, panalibe chizindikiro chilichonse. Mlamu wanga ataona anapititsa yake komweko, anamuchotsera T nkusunthira mabagi kunja, akuti yasintha.

Chenjezo limodzi limene amdala anandibwerezera ndipo nane ndikubwereza, mabagi saonjezera katundu amene motoka inaloledwa kunyamula. Ekiselo ndi yomweyo, mabering'i ndi omwewo, matayala ndi omwewo, ndipo mabuleki a Datsun yakale ndi omwe aja. Kale motoka imakuuza yokha kuti yalemedwa chifukwa imakhala pansi, manje siikuuzanso, imaoneka bwino olo utaipitiriza, ndiye uyenera kuwerenga matumba wekha. A RTSA, aja oona za chitetezo cha pamsewu, ndi apolisi pa roadblock nawo amayang'ana zimene zinalembedwa pa motoka osati mabagi ako. Kwa a ma Hilux amene ali ndi valavu ija ya mabuleki yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, load sensing valve, samalani kwambiri, valavu imeneyo imadziwa kuti motoka yasenza poona mmene kumbuyo kwatsikira nkupereka mphamvu yambiri ku mabuleki akumbuyo. Ukadzutsa kumbuyo ndi mpweya iyo imaona ngati motoka ilibe kanthu, mabuleki akumbuyo amachepa mphamvu pomwe uli ndi katundu wodzaza. Muuzeni makaniko wanu aiyang'ane musanatuluke pa geti.

Ndiye pa kit, mabagi ndi abwino, mabulaketi ndi mafiting'i ayi, mukapeza ogulitsa mabagi okha gulani okha, chenji mugulire chitsulo cha mamilimita 6 ndi mafiting'i a thiraki. Pa garaja, ndingabwererenso ndipo ndatumizako kale anthu, koma pitani nthawi imene motoka ingathe kuima osakupwetekani, mugwirizane mtengo wa ekizozi ndi penti poyambirira, ndipo tsiku loyeza mukhalepo nokha ndi katundu wanu weniweni. Kulikonse kumene mungapite, ngati makaniko watenga makina owelda asanatenge tepi, kapena sanakweze motoka kuti aone ekiselo ikalendewera ndi ikakhala pa bump stop, tengani mabagi anu mupite kwina. Ine chatsala ndi mashoko akumbuyo, akalewa akulephera kugwira kudumpha kwa mpweya motoka ikakhala yopanda katundu, ndikufuna a gasi a kutalika komweko kuti malamba aja asasinthidwe, mwezi ukatha ndipita nawo kuti amange.